Mall of America ndi lamulo loperekeza ana: zimene ndaona monga kholo

Mlendo aliyense wochokera kumudzi amene wafika kuno ku Minnesota, m'dziko la America, kaya wabwera ku msonkhano, kaya wabwera kudzaona mdzukulu wobadwa kumene, sachedwa kufunsa za malo aakulu ogulitsira malonda otchedwa Mall of America, ndipo ife okhala kuno tinazolowera kuti ulendo wa kumeneko suthawika. Za kukula kwa malowa, za sitolo zake zoposa 500 ndiponso za zosangalatsa za ana, anthu ambiri analemba kale. Ine ndikufuna ndiunike mbali imodzi imene imatikhudza kwambiri ife amene tikulera ana osinkhuka, ndiyo momwe eni malowa amasungitsira bata ndi momwe amachitira ndi achinyamata. Ndineneretu kuti ndi malo amene ndimapitako ndi banja langa mtima uli m'malo, ndipo sindingaletse munthu kupitako, koma lamulo limene amatchuka nalo limayang'ana zaka za mwana m'malo moyang'ana khalidwe lake, ndipo kulemera kwake kumagwera kwambiri mabanja amene makolo ake amagwira ntchito madzulo.

Malowa ali mumzinda wa Bloomington, kummwera kwa Minneapolis, pafupi kwambiri ndi bwalo la ndege, ndipo anatsegulidwa mu Ogasiti 1992 pamalo pamene kale panali bwalo la zamasewera la Metropolitan Stadium. Eni ake ndi kampani ya Triple Five, yomwenso inamanga West Edmonton Mall ku Canada. Nyumbayi ndi yosanjikizana kanayi, sitolo zinandanda mozungulira, ndipo pakati pake pali bwalo la zosangalatsa la Nickelodeon Universe, limene poyamba linkatchedwa Camp Snoopy, pomwe kunsi kuli Sea Life, kumene ana amaonera nsomba zikuluzikulu zikusambira pamwamba pa mitu yawo. Polowa mu Mall of America salipiritsa, poimika galimoto salipiritsa, ndipo boma la Minnesota silidula msonkho pa zovala zimene munthu wagula m'sitolo, chinthu chimene chimakopa anthu ochokera kutali. Eni ake amati anthu oposa 30 miliyoni amafikako chaka chilichonse.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake achinyamata amakhamukira kumeneku, ayenera kudziwa za nyengo ya kuno ndi za mayendedwe. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumazizira koopsa, moti masiku ena kuzizira kumapitirira madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo chakumapeto kwa chaka dzuwa limalowa cha m'ma 4:30 masana. Mwana wa zaka 14 amene waweruka kusukulu sangathe kukaima pamphambano n'kumacheza ndi anzake, chifukwa pasanathe mphindi zingapo zala zimayamba kuuma. Amafuna malo ofunda, owala, olowa ulere ndiponso ofikika popanda galimoto, ndipo Mall of America ili ndi zonsezi. Mabasi ambiri amathera pa siteshoni imene ili pansi pa nyumba yomweyi, ndipo kuyambira mu 2004 sitima yamagetsi, imene lero imatchedwa Blue Line, imachokera pakati pa mzinda wa Minneapolis, kudutsa ku bwalo la ndege, n'kudzathera pomwepa. Ana ochuluka amene amatsika sitimayo sabwera ndi cholinga chodzasokoneza. Amabwera chifukwa kulibe kwina kumene kukuwalandira mosavuta chotero.

Pofika mu 1996, nyuzipepala za nthawiyo zinkanena kuti madzulo a kumapeto kwa sabata achinyamata oposa 2,000 ankasonkhana m'makonde a malowa. Ambiri mwa iwo ankangocheza, kuyang'ana nsapato zimene sakanatha kugula ndi kugawana chakudya, koma panali timagulu timene tinkathamangitsana, kutchinga njira, kutukwana mokweza ndi kuyambitsa ndewu, moti mabanja ndi anthu achikulire anayamba kupewa kupitako nthawi imeneyo. Chaka chomwecho akuluakulu a malowa anakhazikitsa lamulo lotchedwa Parental Escort Policy, lonena kuti mwana wosakwana zaka 16 asapezeke mkati kuyambira 6 koloko madzulo Lachisanu ndi Loweruka, pokhapokha ngati akuperekezedwa ndi munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo. Malo ena ambiri ogulitsira malonda anatengera chitsanzo chimenechi, ndipo lero lamulo lofanana nalo mudzalipeza m'mizinda yambiri ya America.

M'kupita kwa zaka lamuloli lakhala likukula. Ola loyambira linasunthidwa kubwera 4 koloko, kenaka anawonjezera masiku a tchuthi, ndipo masiku ano limagwira ntchito tsiku lililonse kuyambira 3 koloko masana mpaka nthawi yotseka. Tsiku lotsatira chikondwerero cha Thanksgiving, pamene sitolo zimatsitsa mitengo, ndiponso masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, eni ake amakonda kulitalikitsa kuti ligwire tsiku lonse. Munthu wamkulu mmodzi amaloledwa kuperekeza ana osapitirira 10, ndipo ayenera kukhala nawo nthawi yonse, osati kungowalowetsa pakhomo n'kubwerera ku galimoto. Aliyense wooneka wamng'ono ayenera kukhala wokonzeka kuonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi chake ndi tsiku limene anabadwa.

Pakhomo lochokera ku siteshoni ya sitima ndi pamene lamuloli limaonekera bwino. Tsiku lina la sukulu, nthawi itangodutsa 3 koloko, ndinali kumbuyo kwa atsikana atatu amene anali ndi zikwama za mabuku kumsana, nsapato zawo zitanyowa ndi chipale chofewa. Mlonda wamkazi anawapatsa moni, n'kupempha ziphaso. Awiri anatulutsa zawo, koma wachitatu anayamba kufunafuna m'matumba a jekete mwa njira imene kholo lililonse limaizindikira, ndipo pomaliza anavomera kuti ali ndi zaka 15. Mlondayo sanakweze mawu, sanamugwire mkono, ndiponso sanaitane anzake. Anamutengera pambali pang'ono, anamufotokozera lamulo motsitsa mawu, n'kumufunsa ngati pali munthu wamkulu amene angamuimbire foni kuti abwere. Mtsikanayo anapukusa mutu, nati mayi ake ali kuntchito mpaka usiku. Anzake awiri aja anayang'anana, ndipo onse atatu anabwerera limodzi kukadikira sitima. Pa kachitidwe ka mlonda uja sindinapezepo chifukwa chilichonse, koma chimene chinandikhala pamtima ndi funso la kumene ana atatuwo anakathera madzulo amenewo.

Ubwino wa lamuloli suyenera kubisidwa, chifukwa ulipo ndipo umaoneka ndi maso. Mukapitako Loweruka madzulo mudzapeza amayi akukankha timangolo ta makanda, agogo akuyenda ndi ndodo popanda wowagunda, ndiponso anthu oyendera njinga za olumala akudutsa m'makonde mosavutika. Phokoso limene lilipo ndi la nyimbo za m'sitolo ndi la ana okuwa pa makatungwe, osati la anthu othamangitsana. Akuluakulu a malowa akhala akunena kuti milandu yokhudza ana osakwana zaka 16 inatsika kwambiri lamuloli litangoyamba, ndipo poona bata limene limakhalapo madzulo, sindikupeza chifukwa chowatsutsira. Apongozi anga, amene amayenda pang'onopang'ono chifukwa cha maondo, ndinawazungulira nawo nsanjika ziwiri nthawi imene anthu anali ochuluka, ndipo palibe pamene ndinafunika kuwatchinjiriza kwa munthu wothamanga. Alonda ovala yunifolomu amaoneka pansanjika iliyonse, ena oyenda pansi, ena ataima pa masitepe oyenda okha, ndipo ukawafunsa njira amayankha mwaulemu.

Chimene anthu ambiri amaiwala pokamba za mbiri ya malowa n'chakuti m'zaka zimenezo lamulo silinabwere lokha. Eni ake analembanso ntchito amayi ndi abambo ochokera m'madera amene achinyamatawo ankakhala, ndipo magulu awo ankatchedwa Mighty Moms ndi Dedicated Dads. Anthu amenewa sanali apolisi kapena alonda. Anali makolo wamba amene ankayenda m'makonde madzulo a kumapeto kwa sabata, kupatsa ana moni, kuwafunsa za sukulu, ndi kulowerera pa mkangano usanafike pa nkhonya. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife amene tinakula tikumva kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mnyamata amene angathe kuderera mlonda wa yunifolomu amachita manyazi mayi wa msinkhu wa mayi ake akamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti atsitse mawu, makamaka ngati mayiyo akudziwa sukulu imene amaphunzira kapena mpingo umene makolo ake amapemphera. M'maganizo anga, gawo lalikulu la bata limene anthu amati linabwera ndi lamulo linachokera kwa anthu amenewa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti malo ena amene anatengera lamulo loletsa ana sanatengere mbali iyi, imene imafuna ndalama ndi kuleza mtima.

Mzimu womwewo ndinauona pa mlonda wina wachikulire pamalo odyera. Anyamata asanu, onse ooneka kuti anapitirira zaka 16, anali atalumikiza matebulo awiri, ndipo mmodzi anali atakweza nyimbo pa foni pamene wina ankaponyera mnzake timapaketi ta tomato sosi. Banja limene linali pafupi nawo linayamba kusonkhanitsa mbale zake kuti lisamuke. Mlondayo anafika osathamanga, anakoka mpando n'kukhala kumapeto kwa tebulo lawo, ndipo anayamba ndi kufunsa mmodzi wa iwo za timu ya basketball imene inalembedwa pa malaya ake. Atacheza nawo pang'ono, analoza foni ija ndi timapaketi timene tinali pansi. Nyimbo inazimitsidwa, mnyamata wina anawerama kutola zimene zinagwa, ndipo banja lija linakhalanso pansi. Palibe amene anatulutsidwa, palibe amene anachititsidwa manyazi pagulu. Ntchito ya ulonda ikamagwiridwa chotere imafuna munthu wophunzitsidwa bwino ndiponso wokhazikika maganizo, ndipo pa mbali imeneyi malowa ndi oyenera kuyamikiridwa.

Komabe pali zinthu zimene sindigwirizana nazo, ndipo choyamba ndi maziko enieni a lamuloli. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15, amalera ana a anthu oyandikana nafe makolo awo akachokapo, amakwera basi yekha kupita ku laibulale, ndipo sanayambe wakanganapo ndi munthu pagulu. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, ngati anthu amandikhulupirira kuti ndisamale khanda lawo, n'chifukwa chiyani sindingakhulupiriridwe kuti ndikagule nsapato ndekha nthawi ya 4 koloko?" Yankho lomveka ndinalibe. Ngakhale lamulo la boma la dera la Hennepin, kumene kuli Bloomington, limalola mwana wa zaka 15 mpaka 17 kukhala kunja kufikira 11 koloko usiku mkati mwa sabata, ndi kufikira pakati pa usiku Lachisanu ndi Loweruka. Boma likumuona mwanayo ngati wotha kudziyendera mpaka usiku, pamene malo ogulitsira malonda akumutsekera khomo dzuwa lisanalowe. Ndi maganizo aja oti nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndipo mwana amene akulangidwa pa mlandu wa anzake amene sakuwadziwa n'komwe amaphunzira msanga kuti khalidwe labwino silimupindulira kanthu pamaso pa akuluakulu.

Chachiwiri ndi funso la amene ali ndi munthu womuperekeza. Kuno ku Minnesota kuli anthu ambiri ochokera ku Somalia, Liberia, Ethiopia, Kenya ndi maiko ena a mu Africa, ndipo ambiri a ife timagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, m'zipatala, m'mafakitale ndi m'nyumba zosungira katundu, kumene shifiti ya madzulo imayamba cha m'ma 3 koloko n'kutha 11 koloko usiku. Ola limene lamulo likuyamba kugwira ntchito ndi ola lomwelo limene mayi wa mwanayo akulowa pantchito. Banja limene bambo ndi mayi amaweruka 5 koloko, kapena limene lili ndi agogo pakhomo, siliona vuto lililonse, chifukwa womuperekeza mwana sasowa. Banja la mayi wolera yekha ana, amene Loweruka ndi Lamulungu amagwiranso maola owonjezera kuti alipire nyumba ndi kutumiza kangachepe kumudzi, ndi limene limamva kuwawa kwa lamuloli. Papepala lamulo ndi limodzi kwa onse, koma pakhomo la siteshoni ana amene amabwezedwa amakhala ochokera m'mabanja a mtundu wachiwiriwu.

Chachitatu ndi nkhani imene ena safuna kuikamba poyera. Zaka za munthu sizilembedwa pamphumi, choncho mlonda amasankha yekha woti amufunse chiphaso, ndipo paliponse pamene munthu akusankha ndi maso, tsankho limatha kulowerera ngakhale mwini wake asakufuna. Lamuloli litangolengezedwa mu 1996, atsogoleri ena a m'madera anadandaula kuti likulunjika kwa ana akuda, ndipo akuluakulu a malowa anakana. Mu 2011, wailesi ya NPR pamodzi ndi bungwe la Center for Investigative Reporting anafufuza malipoti a gulu la alonda limene limayang'ana anthu okayikitsa, ndipo anapeza kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a malipoti amene anawaona ankakhudza anthu akuda, a ku Asia, Aluya ndi ena osakhala azungu. Kafukufuku ameneyo sankakhudza lamulo la ana mwachindunji, koma kholo la mwana wakuda silingawerenge zimenezo n'kungozinyalanyaza. Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti ine ndi ana anga sitinachitiridwepo mwano, ndipo nthawi zimene ndaima pakhomo ndaona ana a mitundu yonse akufunsidwa ziphaso. Koma zimene munthu mmodzi waona sizingalowe m'malo mwa ziwerengero, ndipo eni malowa akanachotsa kukayikira konse akanamatulutsa poyera chiwerengero cha ana amene amafunsidwa ndi amene amabwezedwa pakhomo lililonse.

Tiyenera kukumbukiranso kuti awa ndi malo a kampani, osati msika wa boma. Mu 1999, pa mlandu wa State v. Wicklund, umene unakhudza anthu ochita zionetsero zotsutsa malonda a zovala za ubweya wa nyama, khoti lalikulu la Minnesota linagamula kuti Mall of America ndi malo a eni ake, ndipo ufulu wolankhula umene munthu ali nawo pamsewu sungakakamizidwe mkati mwake. Tanthauzo lake kwa kholo n'lakuti mwana wanu akauzidwa kuti atuluke, ayenera kutuluka, ndipo akakana kapena akabwerera atamuletsa, nkhani imasanduka mlandu wolowa pamalo popanda chilolezo. Apolisi a mzinda wa Bloomington ali ndi ofesi mkati momwemo, choncho sipatenga nthawi kuti mkangano wa pakhomo ufike m'manja mwawo. Ana athu ayenera kuuzidwa zimenezi momveka, kuti kudandaula kulipo, koma kumachitika pambuyo pake, kholo lili pomwepo.

Funso lalikulu n'lakuti kodi lamuloli limateteza ku zoopsa zenizeni. Pa 26 Disembala 2011 panabuka ndewu yaikulu imene inayambira pamalo odyera, achinyamata anaponyerana mipando, ndipo chipwirikiti chinafalikira m'makonde mpaka sitolo zina zinatseka zitseko. Zimenezi ndi zimene lamulo loperekeza lingathe kuchepetsa, ndipo n'zomveka kuti pambuyo pake anayamba kulitalikitsa masiku a Khirisimasi. Koma zoopsa zimene zinagwedeza anthu kwambiri zinachitidwa ndi anthu amene lamuloli siliwakhudza. Mu Epulo 2019 bambo wa zaka 24 ananyamula mwana wa zaka 5 amene sankamudziwa n'kumuponya pansi kuchokera pansanjika yachitatu; mwanayo anapulumuka atavulala koopsa, ndipo bamboyo analamulidwa kukakhala kundende zaka 19. Mu Ogasiti 2022 munthu wina anaombera mfuti m'sitolo ya nsapato atakangana ndi gulu lina, mwamwayi palibe anavulala. Pa 23 Disembala chaka chomwecho, mnyamata wa zaka 19 anaomberedwa n'kufa m'sitolo ina yaikulu ya zovala, ndipo amene anaimbidwa mlandu woombera anali a zaka 17 ndi 18. Onsewa akanadutsa pakhomo popanda wowaperekeza. Mtsikana wa zaka 15 wa chikwama cha mabuku uja si amene ankabweretsa ngozi ya mtundu umenewu.

Eni malowa akudziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake chitetezo chawo sichithera pa ziphaso za ana. Pamakomo pali zikwangwani zoletsa kulowa ndi mfuti, pali makamera ochuluka, pali agalu ophunzitsidwa kununkhiza zophulika, ndipo ogwira ntchito m'sitolo amayeserera kawirikawiri zoyenera kuchita pakagwa ngozi, monga kutsitsa zitseko ndi kulowetsa makasitomala m'zipinda za kumbuyo. Chakumapeto kwa 2022 anayeserapo makina ounika zida pakhomo limodzi. Mu 2024 anayamba kugwiritsa ntchito makina ozindikira nkhope, ndipo anafotokoza kuti cholinga chake ndi kupeza anthu amene analetsedwa kulowa, ofunidwa ndi apolisi kapena osowa. Aphungu ena a nyumba ya malamulo ya Minnesota, ochokera m'zipani zonse ziwiri zikuluzikulu, anatsutsa zimenezi. Nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa mu 2019 bungwe la boma la America loona za miyezo ndi luso lamakono, la NIST, linapeza kuti mapulogalamu ambiri ozindikira nkhope amalakwitsa kawirikawiri pa nkhope za anthu akuda ndi a ku Asia kusiyana ndi za azungu. Ine ndikuvomereza kuti munthu amene analetsedwa chifukwa cha chiwawa ayenera kuzindikiridwa akabwerera, koma ndikufuna kuti chigamulo chomaliza chizikhala cha munthu woganiza, osati cha makina.

Poyerekeza ndi njira zimene malo ena anayesa, ya kuno ili ndi ulemu wake. Ku Britain, malo ogulitsira malonda a Bluewater, m'dera la Kent, analetsa mu 2005 kuvala zovala zophimba kumutu ndi zipewa zobisa nkhope, chiletso chimene chinapangitsa chovala wamba kuoneka ngati chizindikiro cha umbanda. Chaka chomwecho munthu wina wa ku Britain komweko, Howard Stapleton, anapanga kachipangizo kotchedwa Mosquito, kamene kamatulutsa kaphokoso kosokosa kamene achinyamata amamva koma akuluakulu ambiri samva, kuti ana asamaime pafupi ndi sitolo, ndipo mu 2010 aphungu a bungwe la maiko a ku Ulaya la Council of Europe anapempha kuti kaletsedwe. Kachipangizo kameneko kamazunza ngakhale khanda limene lili m'manja mwa mayi ake. Lamulo la Mall of America ndi lolembedwa poyera, munthu amalidziwa asananyamuke kunyumba, ndipo lili ndi njira yolowera kwa amene wabwera ndi wamkulu.

Ndikanapatsidwa mpata wolankhula ndi akuluakulu a malowa, ndikanawapempha kuti mkati mwa sabata abwezere ola loyambira kufupi ndi madzulo, kuti mwana woweruka kusukulu athe kugula chimene akufuna n'kukwera sitima kusanade kwambiri. Ndikanawapemphanso kuti aganizire zopereka chiphaso chapadera kwa ana a zaka 14 ndi 15, chimene kholo lingakasainire pamaso pawo n'kusiya nambala yake ya foni, ndipo chizilandidwa mwana akangosokoneza. Potero mwana wakhalidwe angakhale ndi chinthu choti achiteteze, ndipo wosokoneza angalangidwe pa zochita zake. Koposa zonse ndikanawapempha kuti amayi ndi abambo a m'madera azioneka ochuluka m'makonde ndi pa siteshoni, pamene ana obwezedwa amaima. Udindo umenewu si wa kampani yokha ayi. Mizinda ya Minneapolis, Saint Paul ndi Bloomington ili ndi malaibulale ndi nyumba za masewera za achinyamata, ndipo malo amenewo akamatseka mochedwa m'nyengo yozizira, chiwerengero cha ana osowa kolowera chimachepa.

Nafenso makolo tili ndi mbali yathu, ndipo sindikufuna kuizemba. Si bwino kutenga malo ogulitsira malonda ngati kosiya ana tsiku lonse ndi ndalama zochepa m'thumba, chifukwa mwana amene wazungulira maola ambiri popanda chochita amayamba kufuna chomusangalatsa, ndipo nthawi zambiri chimene amachipeza ndi gulu lolakwika. Popeza munthu wamkulu mmodzi amaloledwa kutenga ana mpaka 10, mabanja odziwana angathe kumasinthana. Amayi a mumpingo mwathu timachita zimenezi pa tchuthi cha Khirisimasi: amene sakugwira ntchito tsiku limenelo amatenga ana a anzake, ndipo sabata yotsatira wina amalandira udindowo. Ana amadandaula poyamba kuti akuyenda ndi "anti", koma akazindikira kuti anti akuyenda kumbuyo pang'ono ndipo sakumvetsera nkhani zawo, amaiwala msanga.

Kwa amene mukubwera kudzacheza ndi ana osinkhuka, nthawi yabwino ndi m'mawa mkati mwa sabata, pamene anthu ndi ochepa ndipo mizere ya ku Nickelodeon Universe ndi yaifupi. Onani pa webusaiti yawo musananyamuke, chifukwa maola a lamuloli amasintha pa masiku a tchuthi. Mwana wa zaka 16 kufika 21 amene akuyenda yekha kapena ndi anzake anyamule chiphaso cha boma kapena pasipoti, makamaka ngati ndi wochepa thupi. Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 19, koma amafunsidwa pafupifupi nthawi iliyonse imene walowa madzulo. Mkulu wake wa mwana, ngati mkuluyo sanakwane zaka 21, sawerengedwa ngati woperekeza, ngakhale atakhala kuti ali ku koleji ndipo ndi iye wayendetsa galimoto. Mukangolowa, gwirizanani malo okumana ngati mwasochererana, ndipo auzeni ana kuti akamva chilengezo cha ngozi asathamangire kukufunani m'makonde, koma alowe m'sitolo imene ili pafupi, amvere ogwira ntchito mmenemo, atsitse kulira kwa foni, ndipo akulembereni uthenga wonena dzina la sitoloyo ndi nsanjika imene ali.